Kuyesa Njira Zofunsira pa Sukulu ya pa Intaneti

Akulu akale anati safunsa anadya phula. Koma nanga munthu wofuna kufunsa, napanda kupeza pofunsira, tidzamuti ciani? Ici ndico cinandigwera ine pa holide yapitayi.

Aphunzitsi athu a masamu anatiikira nchito m'pulogalamu ina ya pa intaneti, kuti pokhala kumudzi tisaiwale za mayeso a M.S.C.E. Samu imodzi inandikanika, ndipo ndinalemba funso langa pamene ndinayesa kuti mpoyenera. Ndinadikira masabata awiri, kuli zii. Titabwerera kuno ndinamva kuti aphunzitsi anayankha tsiku lomwelo, koma yankho linagwera pa tsamba lina, ndipo foni sinandiuze kanthu. Ndalama zimene amai anapeza pogulitsa mtedza, nandigulira nazo mayunitsi, zinapita pacabe. Cifukwa cace ndinayamba kufufuza umo anthu amayesera mapulogalamu otere, ndipo ndifuna kugawana nanu zimene ndapeza.

Njira zolankhulirana ziri za mitundu iwiri. Mtundu woyamba ndi wolankhulana nthawi yomweyo, monga pa Zoom, pamene wophunzira akhoza kudina cizindikiro cokweza dzanja ngati m'kalasi. Mtundu waciwiri ndi wosiya mau kuti wina ayankhe bwino lace. Umenewu tiupeza m'Moodle, imene Martin Dougiamas wa ku Australia anaiturutsa mu 2002, ndi m'Google Classroom ya mu 2014. Woyamba ufuna netiweki yamphamvu ndi mayunitsi ambiri. Waciwiri upirira netiweki yofoka, koma yankho licedwa.

Katswiri wina wa ku Denmark, dzina lace Jakob Nielsen, anati cipangizo ciyesedwe ndi mafunso asanu. Kodi mlendo aciphunzira msanga? Kodi wocizolowera agwira naco nchito mofulumira? Kodi wocisiya kwa nthawi acikumbukira pobwerera? Kodi anthu alakwa kangati, nanga akhoza kukonza colakwaco? Kodi akondwera naco? Mu 2000 analembanso kuti kuyesa ndi anthu asanu okha kuonetsa mabvuto ambiri a pulogalamu.

Kayesedwe kace nkotere. Sankhani anzanu asanu amene sanaigwirepo pulogalamuyo. Aliyense payekha mumpatse nchito zinai: afunse funso kwa mphunzitsi, apeze yankho, atumize cithunzi ca nchito ya m'kope, ndiponso ayankhe mnzace pagulu. Inu khalani pambali ndi wochi ndi pensulo. Lembani mphindi zimene watha, pamene wasokera, ndi mau amene anena podandaula. Musamthandize, ngakhale mtima ukuwawa, pakuti kumudzi adzakhala yekha. Kumbukiraninso kuti woyesedwa si mnzanuyo, koma pulogalamu.

Pa mafunso a Nielsen ine ndionjezapo atatu a kwathu kuno. Kodi uthenga wolembedwa netiweki itathawa utayika, kapena udikira? Kodi cithunzi cimodzi cidya mayunitsi otani? Kodi foni imodzi ikhoza kutumikira ana awiri a nyumba imodzi, popanda wina kuwerenga za mnzace?

Titayesa motere m'nyumba yathu yogonamo, tinaona kuti kutumiza funso sikunabvute, koma pofuna yankho anzanga anasokera pomwe paja ndinasokera ine. Apo mtima unakhala pansi, pozindikira kuti sunali umbuli wanga ndekha. Tinakaonetsa aphunzitsi zimene tinalemba, ndipo iwo analonjeza kuti mafunso onse ndi mayankho ace adzakhala pa tsamba limodzi.

Tsono anzanga, holide ina isanafike, tiyeni tiyeseretu njira zimene tidzafunsira tiri kutali. Denga amaliyesa mvula isanagwe.

Wophunzira wa Fomu 4