Zikwangwani za mulaibulale: lemberani mwana wamanyazi

Ana anga amene mwapatsidwa udindo wosamala laibulale ya pasukulu, musadikire kuti kubwere ndalama za zikwangwani. Ntchitoyi imangofuna zinthu zochepa monga katoni, pepala, rula, pensulo, mpeni wakuthwa ndi maka yakuda. Makatoni a sopo amangotayidwa kuseri kwa magolosale, kapempheni mwaulemu.

Musanadule kalikonse, dziwani amene mukumulembera. Si aphunzitsi aakulu kapena alendo odzayendera sukulu ayi. Ndi mwana wa Fomu 1 amene walowa koyamba, akufuna buku la ulimi koma manyazi amugwira. Akasowa chomulozera, amazungulira kamodzi n'kutuluka, ndipo mwina teremu yonse simumuonanso. Zimenezi zimandiwawa, chifukwa bukulo amakhala walipitirira pafupi pomwepo.

Malaibulale ambiri amasanja mabuku potsata manambala amene Melvil Dewey adasindikiza mu 1876. Chipembedzo chili pa 200, zilankhulo pa 400, sayansi ndi masamu pa 500, zaumoyo pa 610, ulimi pa 630, nthano ndi ndakatulo pa 800, mbiri pa 900. Dongosololi ndi labwino, koma mwana akaona 630 yokhayokha samvapo kanthu. Lembani ULIMI m'zilembo zikuluzikulu, pansi pake mawu a Chingerezi poti ndiwo ali pachikuto cha buku, nambala ibwere pomaliza. Manambalawo adzawaloweza yekha osadziwa n'komwe.

Kukula kwa zilembo ndi kumene ambiri amaphonya. Chikwangwani chikamawerengedwa pa mtunda wa mamita 3, chilembo chitalike masentimita 2.5, ndipo mtunda ukawirikiza, chilembonso chiwirikize. Yambani mwajambula mizere ndi pensulo. Kenako werengani zilembo za liwulo, lembani chapakati poyamba, zina zitsatire uku ndi uku, kuti zomaliza zisapanikizane kumphepete. Inki yakuda papepala loyera ndiyo imaoneka patali. Yofiira imakongola, koma dzuwa la pawindo limaifufutitsa msanga. Maluwa ndi mapotopoto asiyeni, amabisa mawu.

Pomata pepala pakatoni, musagwiritse ntchito phala la ufa kapena la chinangwa. Limagwira ndithu, koma limaitana mphemvu ndi makoswe, ndipo zikamaliza phalalo zimalowa m'mabuku. Selotepi nayo imamatuka chinyontho cha dzinja chikafika. Gulani kabotolo ka guluu wa akalipentala, mukute chikwangwanicho ndi pulasitiki yokutira makope, muisokerere kumbuyo ndi ulusi.

Musakhomere chikwangwani pashelefu. Mabuku amachuluka, amasuntha, ndipo chikwangwani cholozera pamene buku palibe n'choipa kuposa kusakhalapo. Pindani katoni patatu kuti iime yokha ngati denga la nyumba, mabuku akasamuka nayo isamuke.

Za malamulo, pepala limodzi pakhomo likwanira. Khoma lodzaza ndi "osalankhula", "osagwira" limaopseza ana. Lembani zimene akufunadi kudziwa: nthawi yotsegulira, mabuku angati angabwereke, abweze liti.

Mukamaliza, itanani mwana amene sanalowemo, aime pakhomo, mumuuze kuti akapeze buku lonena za malungo. Inu khalani chete, musaloze ngakhale ndi maso. Pamene waima n'kumayang'ana uku ndi uku, ikanipo chizindikiro ndi choko, mawa mudzapachikepo chikwangwani china.