Phunziro: Mbatata yofiira m'kati ndi thanzi la ana

Pa mseu wocokera ku Cuamba, wodutsa ku Mandimba ndi ku Massangulo m'boma la Ngauma, amai amagulitsa mbatata m'milumilu. Mbatata zina n'zoyera m'kati. Zina n'zofiira ngati papaya lakupsa. Zonse zimakhutitsa, koma m'thupi mwa mwana sizigwira nchito mofanana.

Mbatata yofiira m'kati ili ndi cinthu cimene thupi limacisandutsa vitamini A. Mbatata yoyera ilibe cinthu cimeneci, kapena ili naco cocepa kwambiri. Mwana wosowa vitamini A amadwaladwala. Cikuku ndi matenda otsegula m'mimba zimamugwira mwamphamvu. Dzuwa likalowa saona bwino, ndipo vutoli likakula angathe kucita khungu. Coopsa n'cakuti mwana angakhale wokhuta nsima tsiku ndi tsiku, koma vitamini ameneyu akusowabe m'thupi mwake.

Ku cipatala ana a miyezi 6 mpaka zaka 5 amalandira madontho a vitamini A kawiri pa caka. Koma midzi yambiri ili kutali ndi cipatala, ndipo nthawi ya dzinja milato imaduka.

Jan Low ndi mai wa ku America, katswiri wa zacuma ca ulimi. Akatswiri a zacuma sawerenga ndalama zokha ai. Amafufuzanso zimene banja limalima, zimene limagulitsa ndi zimene limaika m'mbale ya mwana. Funso la mai Low linali lakuti: kodi vitamini A sangacokere m'munda wa banja lomwe?

Iye ndi anzake anayesa zimenezi m'cigawo ca Zambézia. Kwa zaka ziwiri anatsata ana aang'ono 741. Midzi anaigawa pawiri. M'midzi ina mabanja analandira mbewu ya mbatata yofiira. Alangizi anawaphunzitsa kalimidwe kake, kaphikidwe kake ndi kadyetsedwe ka ana aang'ono. Anathandizanso kuti mbatatayo ipeze ogula pa msika. M'midzi ina simunacitike zimenezi.

N'cifukwa ciani anasiya midzi ina? Thanzi la ana limasintha pa zifukwa zambiri. Caka cina mvula imagwa bwino, caka cina kumagwa njala kapena malungo amaculuka. Akadayeza midzi yolandira mbewu yokha, sakadadziwa ngati ana apeza bwino cifukwa ca mbatata kapena cifukwa ca mvula. Koma midzi yoyandikana imalandira mvula yofanana. Tsono ana a mbali imodzi akasiyana ndi anzao, cowasiyanitsa cimaoneka.

Ofufuzawo anafunsa amai zimene mwana wadya, ndipo anayeza magazi a ana poyamba ndi potsiriza. Zotsatira zinasindikizidwa m'caka ca 2007. M'midzi yolandira mbewu, poyamba ana 60 mwa ana 100 alionse anali ndi vitamini A wocepa m'magazi. Potsiriza anatsala 38. M'midzi inayo vitamini sanakwere kwenikweni. Komabe 38 si ana ocepa. Mbatata inathandiza, koma siinathetse vuto lonse.

M'caka ca 2015 akatswiri ena a zacuma, Kelly Jones ndi Alan de Brauw, anaonetsa kuti ku Zambézia komweko ana odya mbatatayi sanali kutsegula m'mimba kawirikawiri ngati anzao.

Vuto lina linali la m'munda. Mbewu zoyamba zinali kufota cilala cikafika. Maria Andrade, katswiri wa mbewu wobadwira ku Cabo Verde, anagwira nchito zaka zambiri muno m'Mozambique kufuna mbewu zopirira, ndipo m'caka ca 2011 mitundu 15 inatulutsidwa kwa alimi. Pambuyo pake mbewu za mbatata yofiira zinagawidwanso ku Niassa ndi thandizo la dziko la Ireland. M'caka ca 2016 mai Low, mai Andrade, Robert Mwanga ndi Howarth Bouis analandira mphoto yaikulu ya World Food Prize.

Mbatata imodzi yaing'ono, ya magalamu 125, ikwanira kupatsa mwana wamng'ono vitamini A wa tsiku lonse. Thupi limalandira bwino vitaminiyu cakudya cikakhala ndi mafuta pang'ono. Motero futali, mbatata yothira nsinjiro, ndi cakudya coyenera, ndipo mbatata yokanya ingalowe m'phala la khanda limene lakwanitsa miyezi 6. Masamba ake, kholowa, ndi ndiwo. Nchito yovuta ili m'cilimwe: banja limene silinasunge mbewu ku dimba, kapena limene mbuzi zalidyera mbewu, limasowa cobzala mvula ikayamba.

Mafunso

1. Kodi mwana wosowa vitamini A amavutika bwanji?
2. N'cifukwa ciani ofufuza anagawa midzi pawiri?
3. Mwa ana 100 alionse, ndi angati amene anacoka pa gulu la osowa vitamini A?
4. Funsani makolo anu mmene amasungira mbewu ya mbatata m'cilimwe. Lembani yankho lao m'kope.