Zala ziwiri, nkhuku imodzi

Azakhali,

Amuna anga amagwira ntchito pachigayo china kuno ku Migowi. Mwezi watha lamba wa injini adawadula zala ziwiri. Abwana awo adabwera kudzawazonda atanyamula nkhuku ndi thumba la mgaiwa, amvekere nkhani ithere pompo. Amunawo akuti tisawavute, ndi munthu wabwino. Nditani?

Wothedwa nzeru, Phalombe

Mwana wanga,

Nkhukuyo mwadya kale? Ngati simunadye, iphani lero, msuzi umuthandiza mkamwiniyo. Koma imeneyo ndi ya matenda, si chipukuta misozi. Amuna akowo kufatsa kwake! Tsiku lina chigayo chidzawadya mkono wonse, iwo n'kupita kukapepesa kuti adetsa ufa wa anthu.

Tamvera. Lamulo la chipukuta misozi cha anthu ovulala pantchito la 2000 limati wolipira ndi bwana mwini, kuphatikizapo zakuchipatala. Munthu akalumala kotheratu, ndalama yake ndi malipiro a miyezi 54. Akamwalira, banja limalandira ya miyezi 42. Pa zala, adokotala ndiwo amayeza kuti chilemacho chafika maperesenti angati, ndipo mumalandira gawo la ndalama ya miyezi 54 ija. Tsono werengera wekha kuti nkhuku ndi miyezi ingati.

Povuta ndi apa. Ndalamayi imachokera m'thumba mwa abwana, kapena ku inshuwalansi ngati adadula, ndipo eni zigayo ambiri inshuwalansi amangoimvera pawailesi. N'chifukwa chake amathamangira nkhuku. Ukawafinya, mawa lake udzamva kuti amuna ako anali aganyu chabe. Ganyu wanji wopakira chimanga m'chigayo chomwecho chaka ndi chaka?

Sunga buku lakuchipatala mmene umasungira ndalama za banki m'khonde. Pezani anzawo awiri amene adaona ngoziyo. Kenako mukwere kabaza nonse, mukaonekere ku ofesi ya zantchito ya boma, nkhaniyo ikalembedwe bala lisanaume. Mafayilo kumeneko amayenda mwa kamba, ndiye uzikasuzumira pafupipafupi mpaka akudziwe ndi dzina. Pepala lililonse la abwana, asadindepo chala. Zatsala kale zochepa.

Ndalamayo ikadzatuluka, ukakhale pambali pawo polandira. Ndawaona amuna ofatsa chonchi: tsiku lolandira amasochera ku Limbe sabata yathunthu.

Azakhali ako