Ekizozi ya galimoto yakale ikatha

MUULUTSI: A makaniko ali nafe muno. Bambo, kalata iyi yachokera ku Zomba. Akuti: "Ndili ndi Peugeot 504 ya 1978 imene anandisiyira malemu bambo anga. Penti, mipando, injini, zonse ndi zomwe inabwera nazo. Koma ekizozi yabowoka malo atatu. Wowotcherera wina akuti andipangire paipi yaikulu ya mainchesi awiri ndi theka, achotse sailensa imodzi, kumbuyo aikeko kachitsulo konyezimira. Akuti galimoto iziyenda mwamphamvu. Ndivomere?"

MAKANIKO: Musavomere, bambo a ku Zomba. Ndayamba ndi yankho kuti ngati magetsi angazime tili mkati mokamba, mukhale mutamva kale.

Ekizozi yakaleyo musaitaye, ndipo musaigulitse kwa anyamata ogula zitsulo, ngakhale itaola chotani. Imeneyo ndiyo ikudziwa njira. Ikudziwa pamene paipi imakhotera, pamene imalambalala thanki ya petulo, pamene pali zokolowekera. Muichotse yathunthu, kapena muidule malo owongoka okhaokha, muijambule ndi foni isanachoke pansi pa galimoto, kenaka mupite nayo kwa wopanga kuti aziyang'anira pamenepo.

MUULUTSI: Koma zoti paipi yaikulu imawonjezera mphamvu timazimva kawirikawiri. Ndi bodza?

MAKANIKO: Pa galimoto ya mpikisano, imene injini yake imakhala ikukuwa nthawi zonse, ndi zoona. Pa 504 yopita kutchalitchi ndi kuchigayo, ayi. Utsi sutuluka mondondozana bwinobwino, umatuluka mwa maphwamphwa, silinda iliyonse ikamatsegula valavu yake. Phwa lililonse likamathamanga m'paipi limasiya kumbuyo kwake mpata umene umakoka utsi wa silinda yotsatira. Kukokako kumadalira liwiro la utsi. Mukakulitsa paipi, utsi umayenda mwaulesi, umazizira msanga, kukoka kuja kumachepa, ndipo galimoto imafooka ponyamuka komanso pokwera mtunda. Inu muli ku Zomba, mudzazimva pokwera ku Chawe.

Anthu amanyengedwanso ndi masamu. Tinene kuti paipi yanu mwayeza mwapeza mamilimita 45, ndipo wowotcherera akufuna kuika ya 63, amene ndi mainchesi awiri ndi theka aja. Poona ndi maso ndi kusiyana kochepa, koma bowo lenilenilo lakula pafupifupi kawiri. Kabuleta yanu inatchunidwa molingana ndi ekizozi ya kufakitale. Mukasintha kwambiri, muyembekezere kuphulikaphulika kumbuyo mukachotsa phazi pa moto, ndi ulendo wina wopita kugalaja.

Ndiponso 504 si galimoto yofuna kuphunzitsidwa ntchito. Inatuluka 1968, chaka chotsatira inasankhidwa kukhala galimoto yopambana ku Ulaya, ndipo mu 1975 Ove Andersson anapambana nayo mpikisano wa Safari ku Kenya. Amene anayeza paipi imeneyo sanalote.

MUULUTSI: Ndiye masipeya ake akawapeza kuti?

MAKANIKO: Mwayi ulipo, chifukwa 504 inapitiriza kumangidwa ku Kenya ndi ku Nigeria mpaka m'zaka za m'ma 2000, France italeka kalekale. Koma afunse bwino, chifukwa ekizozi ya saluni, ya station wagon ndi ya pikapu sizifanana kutalika. Akalephera kupeza yathunthu, agule masailensa okha oyandikira kukula kwa akalewo, mapaipi apinditse. Popinda ayang'ane kuti pokhota pasaphwanyike. Paipi yofinyika pakona imatsamwitsa injini. Zimene ndimakana kwamtuwagalu ndi paipi ya madzi, ija yokutidwa ndi zinki. Ndi yolemera, imadula zokolowekera, ndipo utsi wake powotcherera umadwalitsa wowotchererayo.

MUULUTSI: Kalata yachiwiri ndi ya mayi a ku Area 47 ku Lilongwe. Ali ndi Mercedes-Benz 230E ya 1983, imene amaitulutsa Lamlungu lokha. Akudabwa kuti galimoto yogona m'galaja, yosanyowa ndi mvula, ekizozi yake yaola bwanji. Akufunsanso ngati kuika ya stainless sikuchotsa ulemu wa galimoto yoti zonse ndi zoyambirira.

MAKANIKO: Mayi, chimene chaidya ndi Lamlungu lomwelo. Ekizozi imaola kuyambira mkati. Petulo wokwana lita imodzi akapsa amatulutsa madzi pafupifupi lita imodzinso, ngati nthunzi. Paulendo wautali chitsulo chimatentha, nthunziyo imatuluka yonse. Koma kuchoka ku 47 kupita kutchalitchi ndi kubwerera, sailensa yakumbuyo sitentha mokwanira. Nthunzi imasanduka madzi osakanikirana ndi asidi, n'kugona m'menemo sabata yathunthu. N'chifukwa chake yakumbuyo ndiyo imayamba kubowoka, ndipo imabowoka pansi. Kale zinali zoposa apa, chifukwa mankhwala amene ankathira mu petulo wa mtovu ankawonjezera asidiyo. Petulo ameneyo mayiko a kuno kummwera kwa Sahara anamusiya chaka cha 2006 chikuyamba.

Tsono zitsulo. Chitsulo wamba n'chotsika mtengo, aliyense atha kuchiwotcherera, ndipo kulira kwake ndi kuja kwa kufakitale, kofatsa. Chokutidwa ndi aluminiyamu chimakhalitsako, kupatula pamene pawotcheredwa, chifukwa moto umapsereza chokutiracho. Stainless ilipo mitundu iwiri imene mungakumane nayo. Ya 409 ili ndi chromium pafupifupi 11 pa 100 iliyonse. Imachita dzimbiri la pamwamba, koma silowa mkati msanga. Ya 304 ili ndi chromium 18 ndi nickel 8 pa 100 iliyonse. Ndiyo yokhalitsa, ndiyonso yodula. Mukapita kogula, nyamulani maginito. Pa 409 imakakamira. Pa 304 sigwira, kapena imangogwira pang'ono pokhota. Wogulitsa akakutchulirani mtengo wa 304 maginito n'kukakamira, mwadziwa.

MUULUTSI: Inuyo mukanasankha iti?

MAKANIKO: Pa galimoto ya mayiwa, stainless, mosakayika, chifukwa vuto lawo ndi kukhalitsa osayenda. Ngakhale fakitale inkadziwa kuti ekizozi idzasinthidwa, monga matayala ndi batire. Munthu wodziwa magalimoto akale akagwada kuyang'ana pansi, amaona njira ya paipi, chiwerengero cha masailensa, ndi mmene yathera kumbuyo. Zimenezo zikhale monga zinalili. Chenjezo langa ndi limodzi: stainless yambiri imapangidwa yopyapyala, ndiye imalira ngati chitini, ndipo Benz siyenera kulira choncho. Afunse yokhuthala, ndipo kunyezimirako akafuna aphe ndi penti yakuda yopirira moto. Benz ya mtundu umenewu, W123, inkamangidwanso ku East London m'dziko la South Africa, kotero kumeneko masipeya ake savuta kwenikweni. Atchule kuti chiwongolero chili kumanja, chifukwa paipi yakutsogolo imatha kusiyana. Ndipo mayi, kamodzi pamwezi muziyenda nayo mpaka ku Dedza kapena ku Salima, itenthe.

MUULUTSI: Yachitatu ndi yaifupi. Achimwene a ku Dedza ali ndi Volkswagen Beetle. Akuti akatsegula hita m'mawa wa mwezi wa June, mkati mumamveka fungo la utsi, ndipo ana amafika kusukulu mutu ukuwawa.

MAKANIKO: Achimwene, galimoto imeneyo iime lero, osati mawa. Beetle ilibe radiyeta. Injini yake imazizira ndi mphepo. Kutentha kwa hita kumachokera pa ekizozi penipeni: mphepo imadutsa m'mabokosi awiri ozungulira mapaipi a utsi, n'kulowa m'kati mwa galimoto. Paipi ikabowoka m'bokosimo, kapena polumikizira pakamatuluka utsi, ana anu akupuma carbon monoxide. Fungo mukulimvalo ndi la zinthu zina. Mpweya wakuphawo ulibe fungo, umangopweteketsa mutu, kugonetsa tulo, basi. Mabokosi amenewo sitimata zigamba, timasintha. Ngati ndalama palibe, hita ichotsedwe pa mzere ndipo mabowo olowera m'kati atsekedwe, ana avale majuzi.

Pogula sailensa ya Beetle, muonetsetse kuti ili ndi polumikizira timapaipi ting'onoting'ono totenthetsa manifodi ya kabuleta. Zambiri zokongola za m'masitolo zilibe, ndipo ndi kuzizira kwa ku Dedza galimoto izidzazima pamphambano iliyonse. Timapaipi tiwiri tam'mbuyo tija nato ndi mbali ya sailensa, tili ndi zophera phokoso mkati. Musatisinthe ndi paipi wamba.

MUULUTSI: Nthawi yatithera, koma alipo atumiza uthenga kufunsa za mabauti a pa manifodi amene akukana kumasuka.

MAKANIKO: Asalimbane nawo. Athire mafuta omasulira dzimbiri madzulo, abwerezenso m'mawa, masiku angapo, ndipo akamakana awatenthe kaye. Bauti ikadukira mu hedi, ntchito ya tsiku limodzi imasanduka yochotsa hedi yonse. Pomanga aike gasiketi yatsopano, manati a brass, ndi malabala atsopano okolowekera, osati waya. Amange momasuka kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, aone kuti palibe pamene pakukhudza bodi kapena pamene patsika moti hampu ingakole, kenaka alimbitse.

MUULUTSI: Kalata ya ku Karonga yokhudza mabuleki tiiwerenga tikabwerako kwa amalonda.