Chipeso, Madeya ndi Mphenzi: Kuphunzitsa za Magetsi Okhazikika

Mvula yoyamba ikamagwa m'mapiri a Ntcheu, ana athu amakhala ali panjira yochokera kusukulu, ena ali kudambo ndi ng'ombe. Mphenzi ikapha munthu, kawirikawiri pamudzi pamamveka kuti wina waitumiza, ndipo abale amayamba kulozana zala. N'chifukwa chake phunziro la magetsi okhazikika sitiyenera kuliona ngati masewera.

Chinthu chirichonse chinapangidwa ndi maatomu, ndipo m'maatomumo muli tinthu tating'onoting'ono totchedwa maelekitironi, timene J. J. Thomson anatitulukira m'chaka cha 1897. Tikakwecha chipeso cha pulasitiki m'tsitsi louma, maelekitironi ena amachoka m'tsitsi nakakhala pachipeso. Motero chipeso chimakhala ndi mphamvu ya negetivi, tsitsi nilitsala ndi ya pozitivi. Mphamvu zofanana zimakankhana, zosiyana zimakokana. Popeza pulasitiki salola magetsi kuyenda, mphamvuyo imakhazikika pamene takwechapo.

Zipangizo ziri pafupi: chipeso kapena bolopeni, madeya ouma, sipuni yachitsulo ndi paketi ya shuga yotha ntchito. Tigawe ana m'magulu. Choyamba, akweche chipeso nachiyandikize ku madeya. Adzaona madeyawo akudumphira kuchipeso. Chachiwiri, adule timizere tiwiri papaketi ija, atigwire pamodzi kumwamba ndi kutikwecha pakati pa zala zouma, timizereto tidzatalikirana. Chachitatu, ayese ndi sipuni. Siidzakoka kanthu, pakuti chitsulo chimapereka magetsiwo ku dzanja, thupi niliwatsitsira pansi. Tisafulumire kupereka mayankho. Tifunse kuti, "Kodi chipeso chasiyana bwanji ndi sipuni?" ndipo tiwalole akambirane.

Nyengo nayonso tiisankhe bwino. Mpweya ukakhala ndi chinyezi, magetsi amathawa msanga pachipeso, ndipo mphunzitsi woyesa izi mu Januwale angachite manyazi pamaso pa ana. Miyezi ya Seputembala ndi Okutobala ndiyo yabwino, chifukwa kunja kumakhala kouma, komanso mvula imakhala iri pafupi.

Tsono tifike pa mphenzi. Mwana wa ku Tsangano kapena ku Lizulu amene anavulapo juzi ya nayiloni mumdima anamva kuthetheka, mwina anaonanso timoto. Mphenzi ndi kamoto komweko, koma kakakulu koopsa. M'mitambo ya mvula, matalala ndi timiyala ta madzi oundana zimagundana, magetsi nachuluka kufikira atang'amba mpweya. Benjamin Franklin anaonetsa m'chaka cha 1752 kuti m'mitambo yotere muli magetsi. Tichenjeze ana kuti asayese kutengera zimenezi, pakuti Georg Richmann anafa ndi mphenzi ku St Petersburg mu 1753 akuchita kafukufuku wotereyu.

Pomaliza ana alembe malangizo awa: kukagunda bingu, achoke pabwalo la mpira, pamwamba pa phiri ndi m'madzi; asabisale patsinde pa mtengo; alowe m'nyumba. Aphunzirenso kuwerenga masekondi kuyambira pa kung'anima kufikira pa kugunda, pakuti masekondi 3 ndiwo mtunda wa pafupifupi kilomita imodzi.

Pophunzitsa zonsezi tisanyoze zimene makolo awo amakhulupirira, chifukwa mwana wonyozedwa makolo amatseka makutu. Timpatse chipeso m'manja mwake, adzionere yekha, ndipo akawaonetsenso a kunyumba.