Mwana Akagwera M'madzi ku Dimba

Nyengo ya madimba ikafika, zitsime zimakumbidwa paliponse, ndipo ambiri a inu tsopano muli ndi maiwe a nsomba. Mwana wongoyamba kuyenda angamire ngakhale m'ndowa yothirira ndiwo. Safuula ayi, amamira mwakachetechete, amake akupalira chapafupi.

Mukam'vuula, musam'zondotse kapena kum'finya pamimba kuti asanze madzi, monga ambiri amachitira. Kutero n'kutaya nthawi, pakuti ubongo wosowa mpweya umayamba kuwonongeka pakangopita mphindi 4 mpaka 6. M'gonekeni chagada pamalo olimba, m'itaneni dzina, kwezani chibwano pang'ono, ndipo penyani chifuwa kwa masekondi 10. Ngati sakupuma, tumani wina akafune galimoto. Inu tsinani mphuno zake, muuzire mpweya m'kamwa mwake kasanu, mpaka chifuwa chitukuke ulendo uliwonse. Kenaka kanikizani pakati pa chifuwa ka 30 ndi chikhatho chimodzi, mofulumira, ka 100 mpaka 120 pa mphindi, chifuwacho chizilowa gawo limodzi mwa magawo atatu. Musaope kum'pweteka. Uzirani kawiri, kanikizaninso ka 30, osaleka. Kwa khanda gwiritsani zala ziwiri, ndipo pouzira, pakamwa panu paphimbe mphuno ndi kamwa pamodzi.

Akayamba kupuma, m'gonekeni cham'mbali, m'vuleni zonyowa, m'funditseni, ndipo mupite naye kuchipatala ngakhale aoneke wamphamvu, chifukwa mapapo angavute pambuyo pake.

A Zambia Red Cross Society amaphunzitsa zimenezi pa zidole. Gulu lanu la alimi liwapemphe. Pakali pano, vundikirani chitsime chilichonse ndi matabwa olemera, osati ndi lata lakale lokha.