Kuchipinda kuli zii chichitireni opaleshoni

Mayi wina wa ku Chiringa ku Phalombe walemba kuti patha miyezi 4 chichotsereni prositeti ya amuna awo chifukwa cha khansa, koma kuchipinda kuli zii.

Mayiwa asaganize kuti bambo ayamba kuyenda njira. Mitsempha yodzutsa thupi la mwamuna imadutsa m'mphepete mwa prositeti, ndipo pa opaleshoni imasunthidwa kapena kuvulala. Imachira pang'onopang'ono, ena mpaka zaka 2. Ukalamba ndi matenda a shuga zimachedwetsa, ndipo kwa ena mphamvu sizibwerera ngati kale.

Umuna sudzatulukanso, koma kukoma kumamvekabe.

Asathamangire gondolosi ayi. Akaonane ndi dokotala limodzi, akafunse za mankhwala a sildenafil, amene ndi oopsa kwa omwa mankhwala a mtima a nitrate.